Phunziro 9: Dimba la Pakhomo, Kulima ndi Kusunga

SABATA MASANA

Vesi Loloweza: Genesis 2:15.

Munthu woyenda pa msewu wochokera ku Zomba kulowera ku Liwonde, akafika pa Songani, amakhala ali pakati pa phiri ndi nyanja. Kumanzere kwake kuli phiri la Zomba, kumene mitsinje imayambira. Kumanja kuli chigwa chotsetserekera ku Nyanja ya Chilwa, kumene mitsinjeyo imakathera. Ndipo pomwepo, m'mbali mwa msewu, amayi amakhala atayala milu ya matimati, anyezi, mpiru ndi kabichi. Ambiri a ife tinagulapo ndiwo pamalo otere, ena ndife ogulitsa amene, koma si kawirikawiri kuti tiganize za mulu wa matimati pamene tatsegula Buku Lopatulika.

Nyanja ya Chilwa ilibe mtsinje wotulutsa madzi ake. Imalandira madzi a Domasi, Likangala, Thondwe, Phalombe ndi mitsinje ina, ndipo dzuwa ndilo limawamwa. Popeza ndi yosazama, mvula ikavuta zaka zotsatizana nyanjayi imaphwa. Inaphwa m'chaka cha 1968, inaphwanso mu 1995, ndipo mu 2018 mabwato anagona pa matope ouma ku doko la Kachulu. Pa nthawi zoterezo nsomba zimasowa, ndalama zimasowa, ndipo funso la mayi aliyense madzulo limakhala limodzi: kodi nsima iyi ana adyera chiyani? Mabanja amene anali ndi kadimba kuseri kwa nyumba kapena ku dambo anali ndi poyankhira.

Mlungu uno tiphunzira za dimba. Tidzaona kuti Mulungu anapatsa munthu ntchito ziwiri m'munda woyamba, kulima ndi kusunga, ndi kuti yachiwiriyo ndiyo imene imatiyesa kwambiri: pa chakudya cha ana athu, pa madzi, pa tsiku la Sabata, ndi pa msika.

TSIKU LOYAMBA: NTCHITO ZIWIRI M'MUNDA WOYAMBA

Werengani Genesis 2:4-15. Kodi ndani anabzala munda woyamba? Nanga munthu anaikidwamo kuti achite chiyani?

Tizindikire kuti ntchito ya m'munda inaperekedwa uchimo usanalowe. Pali ena pakati pathu amene amaganiza kuti khasu ndi chilango, nalakalaka kuti ana awo aphunzire sukulu kuti asadzagwirenso dothi. Koma Lemba silitero. Chimene chinadza ndi uchimo ndi minga, mitula ndi thukuta (Genesis 3:17-19). Ntchito yokhayo inali mphatso, monganso ukwati ndi Sabata, zimene zinaperekedwa m'munda womwewo. Nyumba yoyamba ya munthu sinali ya njerwa. Inali munda wokhala ndi mtsinje wouthirira, ndipo mlimi wake woyamba anali Yehova mwini.

M'chinenero cha Chihebri, chimene Mose analembera, muli mawu awiri m'vesi 15. Loyamba ndi abad, ndilo kugwira ntchito kapena kutumikira. Lachiwiri ndi shamar, ndilo kusunga, kulondera, kuyang'anira chinthu cha mwini. Chodabwitsa ndi ichi: liwu lachiwirili ndi lomwelo limene likupezeka pa Deuteronomo 5:12, pamene Aisrayeli akulamulidwa za kusunga tsiku la Sabata. Ife timadziwika m'midzi mwathu monga anthu osunga Sabata. Kodi timadziwikanso monga anthu osunga nthaka?

Kulima aliyense amadziwa. Mwana wa zaka khumi amatha kugalauza bedi ndi kuwokera mbande. Kusunga ndiko kovuta, pakuti kumafuna kuti munthu akumbukire tsiku ndi tsiku kuti mundawo si wake. Wobwereka njinga ya mnzake sayenda nayo monga ayendera ndi yake. Amadziwa kuti madzulo akaibweza, ndipo mwini wake akaiyang'ana. Onani Levitiko 25:23 ndi Masalmo 24:1. Malo amene tinalandira kwa amayi athu ndi kwa amalume, ngakhale mfumu itachitira umboni malire ake, Mwini wake weniweni sanasinthe.

Werengani Miyambo 24:30-34. Wolemba anadutsa pa munda wa munthu wina naphunzirapo kanthu, ngakhale mwini munda sanalankhule naye. Kodi anzathu a zipembedzo zina, akadutsa kuseri kwa nyumba zathu, amaphunzira chiyani za Mulungu amene timamlalikira?

LOLEMBA: MBALE YA NDIWO

Fanizirani Genesis 1:29 ndi Genesis 3:18. Kodi ndi chakudya chiti chimene chinawonjezedwa munthu atachoka m'Edene?

Poyamba munthu anapatsidwa zipatso ndi mbewu. Atachimwa, natalikirana ndi mtengo wa moyo, anapatsidwanso zomera za m'thengo. Tinganene kuti ndiwo zamasamba ndi chifundo cha Mulungu kwa thupi limene linayamba kufooka. Koma taonani mmene timazipeputsira! Mlendo akafika pakhomo napeza nkhwani, timapepesa kuti lero kulibe ndiwo. Solomo sakanapepesa, werengani Miyambo 15:17.

Kwa ife a m'chigwa cha Chilwa nkhaniyi ili ndi mbali ina. Nsomba zodziwika za m'nyanjayi ndi zitatu: matemba, makumba ndi mlamba. Monga mwa Levitiko 11:9-12, timadya ziwiri zoyambazo, zimene zili ndi mamba ndi zipsepse, koma mlamba ayi. Tsono madzi akayamba kuchepa ndi kutentha, nsomba imene imapirira kwambiri m'matope ndi mlamba womwewo. Ndiye kuti pa chaka cha chilala, pamene mnansi wathu akali ndi kanthu kootcha, banja la Chiadventisti limayamba kusowa ndiwo za m'nyanja. Sitidya nkhumba, sitidya mbewa. Ngati tiphunzitsa anthu zimene sayenera kudya, osawaphunzitsa kulima zimene ayenera kudya, tawasenzetsa katundu amene sitinawathandize kunyamula. Uthenga wa umoyo wabwino umene ulibe dimba ndi theka la uthenga.

Kafukufuku wa boma wa zaumoyo wa m'zaka za 2015 ndi 2016 anapeza kuti ana 37 mwa ana 100 aliwonse osapitirira zaka zisanu m'Malawi anali opinimbira. Ena mwa ana amenewa amakhala pa mphasa m'kalasi la ana la Sukulu ya Sabata. Ambiri sagona ndi njala. Amakhuta nsima, koma thupi silipeza zomangira. Alangizi a zaumoyo amatiphunzitsa za magulu asanu ndi limodzi a zakudya, ndipo dimba losamalidwa bwino likhoza kutipatsa ambiri mwa magulu amenewa: masamba, nyemba ndi nandolo, zipatso monga mapapaya, mbatata yofiira m'kati, ndi mtedza wa nsinjiro.

Sitifunika kuyamba ndi mbewu zodula za m'sitolo. Bonongwe, luni, chisoso, denje, chitambe, kholowa ndi nkhwani ndi ndiwo zimene agogo athu anakulira, zimapirira dzuwa ndi tizilombo kuposa kabichi, ndipo mbewu yake timasunga tokha. Mtengo umodzi wa cham'mwamba pa mpanda umapereka masamba chaka chonse. Kaphikidwe nakonso ndi mbali ya kusunga: soda ndi chidulo zimafewetsa ndiwo msanga koma zimawononga ena mwa mavitamini, pamene nsinjiro kapena kamafuta pang'ono zimathandiza thupi kulandira vitamini A wa m'masamba. Ndipo pa nyengo ya dzinja, masamba akachuluka, mayi wanzeru amafutsa, nayanika pa mthunzi, nasunga mfutso wa m'chilimwe monga ankachitira makolo ndi zikwatu zawo.

Werengani Danieli 1:8-16. Anyamata anayi aja anapempha kuyesedwa masiku khumi. Kodi nkhope za ana athu zingachitire umboni wotani za chikhulupiriro chathu?

LACHIWIRI: KUTHIRIRA NDI PHAZI

Werengani Deuteronomo 11:10-15. Kodi Mose akusiyanitsa bwanji ulimi wa ku Aigupto ndi ulimi wa ku Kanani?

Mose akunena kuti ku Aigupto munthu ankafesa mbewu nathirira ndi phazi lake monga achitira m'munda wa ndiwo. Ophunzira Baibulo amasiyana pa tanthauzo lake: ena amati mlimi ankatsegula ndi kutseka timigula ta madzi ndi phazi, ena amati akunena za kuyenda ndi mitsuko kuchokera ku mtsinje wa Nailo. Aliyense amene anapondapo mpope wopondaponda m'mwezi wa Okutobala, kapena kuyenda ndi makeni awiri kuchokera pa chitsime kufikira msana utauma, safunika womasulira. Ndipo tikumbuke zimene Aisrayeli analira m'chipululu pa Numeri 11:5: nkhaka, mavwende, anyezi ndi adyo. Anaiwala chikwapu, nakumbukira dimba.

Kanani linali dziko lodalira mvula, Aigupto lodalira kuthirira. Ife tili ndi zonse ziwiri: munda wa chimanga umayang'ana kumwamba, dimba limayang'ana mkono wathu. Apa pali choopsa chimene Mose anachiona. Wolima chimanga amapemphera chifukwa sangathe kugwetsa mvula. Wolima dimba akhoza kuyamba kuganiza kuti zonse zili m'manja mwake. Koma madzi a m'chitsimecho anachokera kuti? Ndi mvula yomweyo imene inagwa pa phiri miyezi yapitayo, nilowa pansi chifukwa inapeza mitengo ndi udzu. Mitengo ya ku phiri ikatha ndi makala, madzi amathamanga tsiku limodzi, nakokolola nthaka kupita nayo ku nyanja, ndipo chitsime chimaphwa mwezi wa Seputembala usanathe. Tinaona mphamvu ya madzi othamanga mu Malichi 2023, pamene namondwe wa Freddy anasesa minda m'chigawo cha kummwera. Chaka chotsatira, cha 2024, tinaona dzuwa likuwotcha chimanga m'maboma ambiri.

Tsono kusunga madzi ndi ntchito ya mdindo. Bedi lisapitirire mita imodzi m'lifupi, kuti tithe kupalira ndi kuthyola osaponda pakati. M'chilimwe bedi likhale lolowa pansi pang'ono kuti ligwire madzi. M'dzinja likhale lokwera kuti mizu isawole. Tithirire madzulo kapena m'mamawa, osati dzuwa lili paliwombo. Tiphimbire nthaka ndi udzu wouma kapena mapesi. Madzi otsukira mpunga ndi ndiwo asatayidwe pabwalo pamene nthochi ndi mapapaya zili ndi ludzu pafupi pomwepo. Ndipo tisalime kufika m'mphepete mwenimweni mwa mtsinje, ngakhale pamenepo ndi pamene pali chinyezi chokoma. Bango ndi mitengo ya m'gombe ndizo zimagwira dothi, ndipo dothi limene tiligumula pa Songani limakakwirira malo oswanirana nsomba kumunsi.

Werengani Luka 13:6-9. Wosunga munda anapempha chaka chimodzi kuti achite zinthu ziwiri. Zinthu zake ndi ziti?

Ambuye Yesu sanachite manyazi kutchula ndowe m'chiphunzitso chake. Ifenso tisachite manyazi. Zinyalala zimene timatentha m'mawa uliwonse, masamba, makoko a nyemba, phulusa, zitosi za nkhuku ndi ndowe za mbuzi, zikaunjikidwa bwino ndi kunyowetsedwa, pakatha miyezi iwiri kapena itatu zimasanduka manyowa. Feteleza amadyetsa mbewu ya chaka chino. Manyowa amadyetsa nthaka imene adzalime ana athu.

LACHITATU: DIMBA NDI TSIKU LA SABATA

Werengani Eksodo 34:21. N'chifukwa chiyani Mulungu anatchula nyengo yolima ndi nyengo yokolola mwapadera?

Tafika pa funso limene ambiri amalinong'oneza koma salifunsa m'kalasi. Munda wa chimanga ukhoza kudikira tsiku limodzi. Koma mbande za mpiru zimene zawokeredwa Lachinayi, m'dzuwa la Okutobala, kodi zingadikire? Tiyerekeze mlongo wamasiye amene fizi ya mwana wake ili m'mabedi asanu a matimati. M'mawa wa Sabata, akuvala kupita ku tchalitchi, mtima wake uli ku dambo. Sitiyenera kumuseka, ndipo sitiyenera kumuyankha mopepuka ife amene malipiro athu amabwera pa kutha kwa mwezi kaya kugwe mvula kaya kusagwe.

Komabe Lemba ndi lomveka. Mulungu anadziwa kuti mlimi aliyense adzakhala ndi nyengo imene adzati, mlungu uno wokha sindingapume. N'chifukwa chake anatchula nyengo zothina kwambirizo ndi maina. Sabata limene limasungidwa pokhapokha ntchito ikachepa si Sabata. Ndi tchuthi chabe.

Werengani Eksodo 16:22-30. Kodi Aisrayeli anayenera kuchita chiyani tsiku lachisanu ndi chimodzi?

Yankho la Mulungu pa vuto la mana linali kukonzekera, ndipo ndilo yankho la dimba. Tiganize bwino. Sabata limayamba dzuwa likalowa Lachisanu, nilitha dzuwa likalowa tsiku lotsatira (Levitiko 23:32). Kuno kwathu, m'miyezi yotentha, dzuwa limalowa isanakwane 6 koloko. Munthu amene wathirira mokwanira Lachisanu masana, kufikira madzi atalowa pansi ndithu, akhoza kuthiriranso Sabata likangotha, kusanade kwenikweni. Chimene wataya ndi kuthirira kwa m'mawa umodzi wokha. Bedi lokhala ndi manyowa, lophimbiridwa ndi udzu, silifa chifukwa cha m'mawa umodzi. Bedi limene limafa ndi lija la dothi louma ngati njerwa, losaphimbira, lozolowera kuwazidwa timadzi pamwamba kawiri pa tsiku, limene mizu yake sinapite pansi. Apa ndi pamene mawu awiri aja akumana: amene wasunga nthaka yake masiku asanu ndi limodzi savutika kusunga Sabata.

Ndipo nzeru ina ndi ya kalendala. Tisawokere mbande Lachinayi kapena Lachisanu. Tiwokere madzulo a Tsiku Loyamba kapena Lolemba, kuti pofika Sabata zikhale zitagwira. Nazale tiyimangire kamthunzi ka udzu. Matimati akupsa tithyole Lachisanu m'mawa. Ndiwo za pa Sabata tithyoleretu ndi kuphikiratu. Akulu anati m'mera mpoyamba. Sabata labwino nalonso limayamba pa Tsiku Loyamba.

Pali njira ina imene ena apeza, imene tiyenera kuikana poyera: kulemba waganyu wosakhala wa mpingo kuti azithirira pa Sabata, ife tili m'tchalitchi kuimba. Werengani Eksodo 20:10. Lamulo likutchula mwana, wantchito, chiweto ndi mlendo. Mpumulo umene tagula ndi thukuta la mnzathu wosauka si mpumulo umene Yehova anaudalitsa. Zikusiyana ndi kusinthana masiku. Kumene alimi amagawana madzi a mgula umodzi mosinthana, ndipo tsiku lathu lagwera pa Sabata, tikhoza kupita kwa komiti mwaulemu ndi kupempha tsiku lina. M'dera lino tili ndi anansi Achisilamu amene amapita ku mzikiti Lachisanu, ndi Akhristu anzathu amene amapemphera tsiku loyamba la mlungu. Munthu amene amalemekeza tsiku lake la mapemphero kawirikawiri amamvetsa pempho lotere, makamaka ngati ife tinayamba tamuthandizapo pa tsiku lake.

Nanga mbuzi zikathyola mpanda pa Sabata masana? Werengani Mateyu 12:9-13. Kuthamangitsa mbuzi ndi kutseka pobowoka si kulima. Koma amene mpanda wake umagwa Sabata lililonse afunse chimene amachita Lachitatu.

Tisabise kanthu: nthawi zina womvera amataya ndithu. Kutentha kukhoza kupitirira muyeso, bedi n'kupserera. Ogula a pikuliki akhoza kufika pa Sabata, n'kupita kwa wina. Mulungu sanalonjeze kuti wosunga Sabata sadzataya phwetekere ngakhale imodzi. Pamenepo ndi pamene mpingo uyenera kukhala mpingo. Ngati mlongo uja wataya bedi chifukwa cha kumvera, a Dorika ndi madikoni asamuuze kuti Mulungu adzaona. Amutengere mbande za m'nazale zawo Tsiku Loyamba m'mawa, ndi makasu awo.

Sinkhasinkhani Marko 4:26-29. Kodi mbewu imaleka kukula pamene mlimi wagona? Kodi izi zikutiphunzitsa chiyani za maora 24 a Sabata?

LACHINAYI: PA MSIKA NDI PA MALIRE

Werengani Mateyu 23:23 ndi Luka 11:42. Kodi Yesu anadzudzula Afarisi chifukwa chopereka chakhumi cha timbewu ta m'dimba, kapena chifukwa cha china?

Afarisi ankawerenga ngakhale timasamba tonunkhiritsa chakudya kuti apereke limodzi mwa magawo khumi. Yesu sanawaletse. Chakhumi cha zomera m'nthaka ndi cha Yehova (Levitiko 27:30), ndipo ndalama ya dimba, popeza imabwera pang'onopang'ono, lero mulu umodzi mawa milu itatu, ndiyo imene imathera m'manja tisanaipatule. Amene amadikira kuti adzawerengere pa kutha kwa nyengo kawirikawiri amapeza palibe chowerengera. Bwino kukhala ndi kachitini kapadera, ndi kupatula tsiku lomwelo, titachotsa zimene tinagulira mbewu ndi zolipira pa msika.

Koma Ambuye anati pali zolemera koposa: chiweruzo cholungama, chifundo ndi chikhulupiriro. Kodi zimenezi zimaoneka bwanji pa mulu wa matimati? Tonse tikudziwa kaunjikidwe kaja, kamene zazikulu ndi zosalala zimakhala pamwamba, zoboola ndi mbozi pansi. Tikudziwanso china choopsa kwambiri. Kuyambira pamene kambozi kobowola matimati kanafika m'dziko muno zaka zapitazi, alimi ambiri akupopera mankhwala pafupipafupi. Pa botolo lililonse pamalembedwa masiku oyenera kudikira tisanakolole. Wopopera lero n'kuthyola mawa, chifukwa mtengo wakwera pa msika, akugulitsa chiphe kwa mwana wa munthu wina. Ena amakhala ndi bedi lapadera losapopera la banja lawo, umene ndi umboni wakuti akudziwa chimene akuchita. Envulopu ya chakhumi siyeretsa ndalama yotere.

Pali njira zochepetsera mankhwala. Tisabzale matimati, mabiringanya, tsabola ndi mbatatesi motsatizana pa bedi limodzi, pakuti ndi za banja limodzi ndipo zimapatsirana matenda. Tisinthanitse ndi nyemba, anyezi kapena masamba. Tizule ndi kukwirira mbewu zodwala. Madzi a masamba a nimu amathandiza pa nsabwe za m'masamba. Ombwe nawonso amapha tizilombo, koma tisatsukire ziwiya zake mu mtsinje, chifukwa amaphanso nsomba.

Ndipo pali tchimo lachete limene silichitika pa msika koma pakhomo: kugulitsa zonse zabwino, ana n'kudya zotsala. Dimba la pakhomo liyambe ladyetsa pakhomo (1 Timoteo 5:8).

Werengani 1 Mafumu 21:1-19. Kodi Ahabu ankafuna munda wa Naboti kuti achitemo chiyani?

Ambiri timakumbukira kuti Naboti anaphedwa chifukwa cha munda wamphesa, koma timaiwala vesi 2: mfumu inkafuna kulimamo ndiwo, chifukwa unali pafupi ndi nyumba yake. Mwazi wa munthu wosalakwa unakhetsedwa chifukwa cha dimba. Malo a chinyezi ndi ochepa, anthu tikuchuluka, ndipo nyanja ikaphwa asodzi nawonso amatembenukira ku dambo. Pamenepo malire amayamba kuyenda usiku, mzere umodzi chaka chino, wina chaka chamawa, ndipo kawirikawiri amayenda kulowera kwa wamasiye, kwa nkhalamba, kwa ana amene amayi awo anamwalira. Werengani Deuteronomo 27:17. Mkulu wa mpingo amene alinso mwinimbumba ali ndi mayeso aakulu pano kuposa a pa guwa.

LACHISANU: KUPHUNZIRA KOWONJEZERA

Werengani Yeremiya 29:4-14. Kwa anthu amene anali mu ukapolo ku Babulo, amene aneneri onama ankawauza kuti abwerera kwawo posachedwa, Mulungu anatumiza kalata yowauza kuti amange nyumba, alime minda ndi kudya zipatso zake. Lonjezo la kubwerera linali loona, koma silinali chifukwa chopindira manja. Ife tikuyembekeza kubweranso kwa Ambuye, ndipo tamvapo abale ena akuti palibe chifukwa chobzalira mango kapena kukumba dzenje la manyowa popeza nthawi yatha. Mayi Ellen G. White, amene analalikira za kubweranso kwa Yesu moyo wake wonse, atakhala ku Cooranbong m'dziko la Australia m'zaka za m'ma 1890, anabzala mitengo ya zipatso ndi kulima ndiwo pa nthaka imene ena ankati ndi yosabereka, ndipo sukulu ya Avondale inatsegulidwa kumeneko mu 1897. M'buku lake lotchedwa Education, la m'chaka cha 1903, analimbikitsa kuti ana aziphunzitsidwa ulimi pamodzi ndi maphunziro a m'kalasi.

Mafunso Okambirana:

1. Pa Yohane 20:15 Mariya anaganiza kuti Yesu woukitsidwayo ndi wosunga munda. Poganizira Genesis 2:15 ndi 1 Akorinto 15:45, kodi analakwitsa kwenikweni?

2. Mlongo wina wabwera kwa inu mwamseri nanena kuti wakhala akuthirira mbande zake m'bandakucha wa Sabata chifukwa choopa kutaya fizi ya mwana. Mungamuyankhe chiyani, ndipo kalasi lanu lingamuchitire chiyani mlungu womwewo?

3. Levitiko 19:9, 10 akulamula kusiyira osauka m'mphepete mwa munda. Kodi lamulo limeneli lingatsatidwe bwanji pa dimba la mabedi anayi okha?

4. Kodi pa malo a tchalitchi chanu pali pamene pangakhale nazale ya mpingo? Ndi mabanja angati m'kalasi lanu amene alibe bedi ngakhale limodzi la ndiwo, ndipo chikuwaletsa n'chiyani: malo, madzi, mbewu, mbuzi za anansi, kapena mphamvu? Lembani mayankho, ndipo mubwere nawo Sabata likudzali pamodzi ndi mbewu iliyonse imene mungathe kugawira mnzanu.